Mathawulo a apongozi anga

Ine ndinabadwira kumtunda, mbali ya ku Chinguluwe, komwe munthu amasamba n'kudzipukuta ndi chitenje chomwe anavala, osaganizanso zambiri. Thawulo kwathu linalipo limodzi, la bambo anga, ndipo linkatuluka pokhapokha iwo akamapita ku boma. Choncho nditakwatiwa n'kutengedwa kudzakhala kunyanja kuno, kwa makolo a amuna anga, chimene chinandidabwitsa koyamba si nsomba kapena mchenga wolowa mpaka pabedi, koma kabati ya pabalaza. M'kabatimo, pansi pa makapu a alendo, munali mathawulo oyera asanu ndi limodzi, akuluakulu, okhuthala ngati bulangete.

Anali a apongozi anga aamuna. Mkuluyo anagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitadzaza mutu, ndipo popuma ntchito anawapatsa mathawulowo ngati chithokozo. Akazi awo anali atamwalira ine ndisanabwere. Pakhomo tinalipo anayi: iwowo, amuna anga amene ankagula usipa kwa asodzi n'kukagulitsa ku Lilongwe, alamu anga aakazi amene banja lawo linatha n'kubwerera kwa bambo awo, ndi ine mtengwa.

Ndi apongoziwo sitinkayankhulana. Si kuti tinayambana ayi, mwambo wake ndi umenewo, ndipo iwo ankausunga kuposa wina aliyense m'mudzimo. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira kumbali. Madzi osamba ndinkakaika kubafa n'kupempha alamu kuti akawauze. Nawonso akafuna kundiuza kanthu ankayang'ana kwina n'kunena kuti, "Auzeni alamu anu kuti tiyi wachepa shuga," ine ndili chiimire pomwepo, ketulo ili m'manja. Poyamba zinkandiseketsa. Kenako ndinazolowera, moti patatha chaka ndinkawadziwa bwino chifuwa chawo ndi nsapato zawo kuposa nkhope.

Ntchito yochapa mathawulo anandipatsa mwezi woyamba womwe. Alamu ndiwo anabweretsa uthengawo nkhope itakwinyika, chifukwa kale ankachapa ndi iwo. Loweruka lililonse ndinkachapa awiri amene apongozi asambira sabata imeneyo, n'kuyanika pa chingwe cha kutsogolo kwa nyumba. Chingwe pakhomopo chinali chimodzi chomwecho, kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa nsanamira ya khonde, moyang'anizana ndi njira yotsikira kunyanja imene mudzi wonse umadutsamo. Chimene wayanika pamenepo anthu amachiwerenga ngati nyuzipepala. Mathawulo akauma ndinkasita ndi simbi ya makala kuopa mphutsi, n'kupinda panayi monga timapindira chitenje kwathu. Apongozi ankapinda patatu, kupinda kwa ku hotela, mbali ziwiri kulowa mkati kuti msoko usaoneke, ndipo ana awo onse anawaphunzitsa choncho. Anayesa kunditumizira phunzirolo kudzera mwa alamu, koma ine liuma ndinabadwa nalo. Ndinati thawulo silidziwa kuti lapindidwa kangati.

Fungo linayamba m'chaka changa chachiwiri, mu Januwale, mvumbi utagwa masiku anayi osalekeza. Tsiku limenelo kunabwera amayi a ku tchalitchi kudzazonda apongozi, amene anali atajomba mapemphero masabata awiri. Alamu anatsegula kabati kuti atenge makapu, ndipo fungo la chuku linatuluka n'kudzaza pabalaza ponse, fungo lija la kansalu kotsukira mbale kamene kaiwalika pansi pa mtsuko.

"Alamu," anatero mokweza kuti aliyense amve, "mwasungamo chiyani muno? Kapena kwanu kumtunda zovala mumapinda zili ndi madzi?"

Amayi aja anaseka chamumtima, wina kubisa pakamwa ndi chitenje. Ine nkhope inatentha. Alendo atangotuluka ndinazula mathawulo onse asanu ndi limodzi n'kuwaponya m'beseni, ngakhale kunja kunali kukuwazabe. Ndinawachapa ndi sopo wambiri mpaka thovu kufika m'zigongono. Atauma ndinanunkhiza, ndipo fungo linali pomwepo, langovala sopo pamwamba.

Amene anandiphunzitsa kulichotsa ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Msilamu wamkulu kwa ine, wokazinga usipa komanso wokonda nkhani za eni ake. Anandipeza ndikununkhiza thawulo kuseri kwa khitchini, nandiitanira pa mpanda.

"Mwanangu, chuku sichimva sopo," anatero. "Walahi, ukachulutsa sopo ndiye ukuchidyetsa. Nsalu yokhuthala chonchi sopo amatsalira mkati, ndipo ndi amene amaola. Wiritsa madzi mu ndowa, thiramo soda, uviike mpaka madzi azizire okha. Ukatsukuluze kunyanja katatu, komaliza ufinyiremo mandimu. Usayanike pa mthunzi wa mango wanuwo. Kayale pa mchenga dzuwa lili paliwombo, uzitembenuza ngati usipa."

Ndinachita zonsezo mosadumpha ngakhale chimodzi. Makala a sabata yonse anathera pa ndowa imeneyo. Ndinakhala pa mchenga wotentha ndikulondera mathawulo kuopa mbuzi ndi ana, kuwakutumula, kuwatembenuza, mpaka anauma gwa, oyera mbuu, kununkhira dzuwa lokhalokha. Ndinasita, n'kupinda, n'kubwezera m'kabati, ndipo tsiku limenelo ndinkayenda pakhomo ngati ndawina mlandu.

Patatha masiku atatu fungo linabwerera.

Ndinawiritsanso. Linachoka, linabweranso. Ndinati mwina vuto ndi kabati, ndiye ndinaikoka kuichotsa kukhoma, n'kuitsuka mkati ndi madzi a soda, n'kuisiya chitsegulire tsiku lonse. Ndinati mwina malata akudontha, ndipo amuna anga anakwera padenga monyinyirika n'kupeza palibe bowo. Mvula inatha, mpunga unayamba kucha kumtunda, dzuwa la Epulo linafika loumitsa bulangete pa ola limodzi, koma mathawulo a apongozi ankanunkhabe chuku pakatha masiku atatu alionse. Apa m'pamene ndinasiya kukayikira nyengo n'kuyamba kukayikira anthu.

Ndinayamba ndi amuna anga, chifukwa mkazi akasowa wom'ganizira amayambira pomwepo. Ndinati kapena akapita ku Lilongwe amatenga thawulo limodzi, kukasambira kumene ine sindikudziwa, n'kulibweza m'chikwama lili lonyowa. Akafika ndinkawalandira chikwama ndi manja awiri ngati mkazi waulemu, n'kukachifufuza kuchipinda mpaka m'matumba a m'mbali. Ndinkapezamo mamba a usipa ndi mapepala a chips. Ndinanunkhiza malaya awo masabata awiri ngati galu, ndipo manyazi a zimenezo ndikadali nawo.

Kenako maso anga anatera pa alamu, ndipo pamenepo anakhazikika. Zifukwa zinalipo zokwanira. Ntchito ya mathawulo inali yawo ine ndisanabwere. Chipinda chimene ine ndi amuna anga tinkagona chinali chawo kale. Ndipo fungo likangobwerera, woyamba kulimva ankakhala iwo, ngati kuti analiitanitsa. Ndinkawamva pa foni akuuza achemwali awo a ku tauni, mawu atatsitsa koma osati kwambiri.

"Thawulo lenilenilo likum'kanika. Nanga matewera? Mwina Mulungu akudziwa chimene akuchedwera kum'patsa mwana."

Mwana ndinalibedi, ndipo mawu amenewo anandilasa pamalo pamene panali bala kale. Mayi woyandikana uja naye sanathandize. Nditam'dandaulira anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona kuti munthu akafuna kukuchotsa pa banja amayambira pa zovala, ndipo pali mankhwala amene amathira kuti chilichonse chimene wagwira chizinyansa. Ine za mankhwala sindinazikhulupirire kwenikweni, koma ndinayamba kubisa sopo wanga m'chikwama, ndipo alamu akandipatsa madzi akumwa ndinkathokoza n'kukathira pa maluwa. Nawonso ankandiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Ankati mathawulowo ndimapukutira thebulo la nsomba iwo akachoka. M'nyumba ya anthu anayi, aliyense ankamvetsera mapazi a mnzake.

Apongozi nawo anasintha. Ku tchalitchi anasiyiratu. Ku bawo, kumene ankakhala ndi anzawo pansi pa mkuyu masana onse, ankangopita kanthawi n'kubwerera msanga, kenako anasiyanso. Ankakhala m'chipinda mwawo wailesi ili pansipansi. Alamu anali ndi yankho lake kale.

"Bambo akuchita manyazi," anauza amuna anga ine ndikumva. "Munthu amene anachapira azungu zaka zonse zija, lero azituluka thupi likununkha chiguduli? Achimwene, mukudikira kuti anthu ayambe kutiimba nyimbo?"

Amuna anga poyamba nkhani ya mathawulo ankaiseka. Itafika pa bambo awo, kuseka kunatha. Anandiitanira kuchipinda n'kundiuza, akuyang'ana pansi, kuti atumiza mawu kwa ankhoswe kuti tikhale pansi, mwina ndipite kaye kwathu mwezi umodzi amayi akandilangize. Anazinena mofatsa ngati akunena za ulendo wokaona abale. Koma ine ndinakula ndikuona akazi opita kwawo kukalangizidwa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwezi wawo sutha. Mkazi wobwezedwa chifukwa cha mkamwa anthu amam'khululukira, koma wobwezedwa chifukwa cha uve dzinalo amafa nalo.

Tsiku lotsatira ndinachita chimene ndikanachita kalekale ndikanakhala wanzeru. M'malo monunkhiza mulu wonse, ndinatulutsa mathawulo limodzilimodzi n'kumawagwira ndi dzanja. Lapamwamba linali louma, lopindidwa panayi monga ndinalisiyira. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linali lozizira, lolemera, lachinyezi mpaka mkati, ndipo linali lopindidwa patatu, mbali ziwiri kulowa mkati, msoko osaoneka. Wina analinyowetsa n'kulibisa pakati pa anzake kuti liwapatsire fungo.

Kunena zoona ndinasangalala. Ndinali nditam'gwira. Kupinda kumeneko ine sindinkakudziwa, amuna anga nthawi zambiri ankakhala ali ku Lilongwe, ndiye anatsala ndani? Ndinafuna kutuluka nalo thawulolo n'kukawamenya nalo alamu kumaso pomwe ankatsuka mbale. Chinandigwira n'chakuti akanangokana, ndipo mawu a mtengwa sangapose a mwana wa pakhomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinabwezera thawulo pamalo pake n'kutseka kabati.

Lachinayi m'mawa ndinavala chitenje chabwino, n'kutenga dengu, n'kulengeza pakhonde kuti ndikupita ku boma kukagula soda ndi anyezi, ndibwera madzulo. Ndinayenda mpaka pa msewu, n'kukhotera kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, n'kulowa m'khitchini ya mayi woyandikana uja, yemwe anali atapita kale kugombe. Mpanda wake wa bango unali ndi mpata woonera khomo lathu lakuseri ndi bafa. Ndinakhala pa mtondo wogwetsedwa, utsi wadzulo ukundiyabwa m'maso, n'kudikira.

Alamu anasesa, anamwa tiyi, anacheza pa foni. Kenako anasenza beseni la zovala zawo n'kutsikira kunyanja, kabati osaiyandikira n'komwe. Ndinakhumudwa ngati mwana amene am'mana chitumbuwa. Ndinali nditaimirira kale kuti ndizipita pamene chitseko chakuseri chinatseguka pang'ono.

Anali apongozi. Anasuzumira kumanja, anasuzumira kumanzere, anamvetsera. Atatuluka ndinaona kuti jekete yawo yatukuka mbali imodzi, ndipo ankayenda miyendo ili tang'a. Buluku lawo linali lonyowa kutsogolo mpaka m'mawondo. Anafika pakhomo pa bafa, n'kusolola thawulo m'jeketemo, lachikasu pakati, n'kuliponya m'beseni. Sanalowe mkati, chifukwa ankafuna kuona njira. Anagwada pomwepo, mawondo akulira, n'kuyamba kuchapa.

Sindinaonepo munthu akuchapa choncho. Manja ankadziwa okha ntchito, osataya madzi, osachita phokoso. Anatsukuluza kawiri, nafinya mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Kenako anaimirira ndi thawulo m'manja n'kupita pa ngodya ya nyumba, pamene chingwe chimaonekera. Anachiyang'ana nthawi yaitali. M'njira munkadutsa amayi atatu ndi madengu, m'mbuyo mwawo anyamata a ukonde. Thawulo la apongozi pa chingwe Lachinayi, mtengwa atapita ku boma, aliyense akanafunsa kuti lachapidwa ndi ndani ndipo chifukwa chiyani. Anabwerera, nayala thawulo pa ntchafu, nalipinda patatu, nalilowetsa m'jekete, n'kulowa nalo m'nyumba. Patapita kanthawi ndinamva kulira kwa chitseko cha kabati.

Ndinakhalanso pa mtondo uja. Ndinamva chisoni, inde. Mkulu amene malaya ake anali osakwinyika ngakhale pa maliro, mkodzo unali utasiya kum'mvera, ndipo ankadzitchinjiriza ndi chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho pa ntchito. Ndinamvanso manyazi chifukwa ndinaona chimene mtengwa sayenera kuona. Koma ndisaname, chimene chinakula kuposa zonse ndi mkwiyo. Makoma a nyumba ija ndi opyapyala. Mkuluyo anamva alamu akundinyoza pamaso pa alendo, anamva za matewera, anamva za ankhoswe. Anandiona ndikupsa ndi dzuwa pa mchenga. Ankadziwa zonse, ndipo masiku atatu alionse ankatsegula kabati n'kuikamo mlandu wanga ndi manja awo.

Ndinagwira njakata. Kuti ndiuze amuna anga, ndiyambira pati? Ndinene kuti ndinabisala m'khitchini ya eni ake n'kumasuzumira bambo awo kubafa? Nkhani imeneyo yokha ikanandipitikitsa msanga kuposa fungo. Komanso kuvula apongozi pamaso pa ana awo, mawu akuchokera kwa ine wobwera, pakamwa panga pankakana. Ndinayesa njira ina. Ndinamanga kachingwe kuseri kwa bafa, pakati pa nthochi, pamene munthu wa m'njira sangaone, n'kusiya pomwepo ndowa yovundikira ndi kapaketi ka soda. Ndinati aona, amvetsa, ndipo nkhani ithera pomwepo popanda wina kutsegula pakamwa.

Anaona. Ndikudziwa chifukwa m'mawa mwake ndinapeza mapazi a nsapato zawo pa dothi la pansi pa nthochi, atafika, ataima, atabwerera. Koma kachingweko sanakakhudze. Kuyanikapo kukanakhala kuvomera kuti ine ndikudziwa. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale za shuga wa mu tiyi sanatumizenso mawu. Ndinayamba kumatulutsa ndekha thawulo lonyowalo alamu akachoka, koma apongozi sankachoka pakhomo, ndipo kawiri konse ndinawapeza atakhala pabalaza moyang'anizana ndi kabatiyo, ine n'kubwerera chammbuyo. Fungo linapitirira.

Ankhoswe anabwera Loweruka la sabata yotsatira. Wa mbali yanga anali malume anga, amene anapalasa njinga kuchokera kumtunda atavala jekete ya ku tchalitchi, thukuta lili kamukamu. Tinakhala pansi pa mango, amuna pa mipando, ine ndi alamu pa mkeka. Apongozi anaika mpando wawo patali pang'ono, chipewa chili pa mawondo. Alamu sanabwere ndi mawu okha. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thawulo, ndipo linayenda dzanja ndi dzanja, mkulu aliyense kulinunkhiza n'kutembenuza nkhope. Litafika kwa malume anga, anangoliyandikiza pang'ono n'kulipereka msanga, ndipo ndinaona khosi lawo likutsika ndi manyazi.

"Mwana wanga," anatero malume, "amayi ako sanakulere chonchi. Tiuze, chikuchitika n'chiyani?"

Ndinakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayang'ana apongozi anga kumaso dala. Ndinkadikira kuti mwina atsokomola, mwina anena kuti nkhaniyi ithe. Ankayang'ana chipewa chawo, chala chikuzungulira m'mphepete mwake. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Palibe chimene chinatuluka.

"Ndimapinda asanaume," ndinatero. "Ndalakwa ndine."

Alamu anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Mwamva nokha." Amuna anga anapumira m'mwamba. Anagwirizana kuti m'mawa mwake ndinyamuke, malume atsogole pa njinga yawo, ine nditsatire pa kabaza mpaka pa depoti, ndikakhale kwathu mwezi umodzi. Madzulo amenewo ndinaphika, ndinaika madzi kubafa monga mwa masiku onse, ndipo pothira madziwo ndinawada apongozi anga ndi mtima wanga wonse. Ndinati ulemu wa mkulu uyu ndaugula ndi banja langa, ndipo iye walandira osathokoza.

M'mawa wa Lamulungu ndinamanga zovala zanga m'chitenje. Ndinachedwa dala m'chipinda, chifukwa inali nthawi imene njira imadzaza, ena akupita ku mapemphero, ena akuchokera kugombe ndi nsomba, ndipo sindinkafuna kuti andione ndikutuluka ndi mtolo. Ndinamva belu la kabaza panja. Kenako ndinamva alamu akukuwa.

"Bambo! Bambo, mukutani?"

Ndinatuluka ndi mtolo wanga m'manja. Pa chingwe cha kutsogolo panali mathawulo awiri akudontha madzi, mabuluku awiri, kabudula wamkati, ndi pepala la pulasitiki lalikulu lija amayala pa bedi la mwana. Apongozi anaima pansi pake, manja a malaya atapinda mpaka m'zigongono, beseni lili kumapazi, akuwongola makona a thawulo kuti alingane. M'njira anthu anali ataima. Amayi a ku tchalitchi aja analipo, mabuku a nyimbo ali m'manja. Mayi woyandikana nafe anali atatsamira mpanda, kukamwa kuli yasa.

Alamu anathamanga kuti alande beseni, koma apongozi anawaletsa ndi dzanja. Anatembenukira kwa amuna anga, amene anatuluka opanda nsapato, n'kuyankhula ndi mawu oti wa m'njira amve.

"Zovala izi ndanyowetsa ndine. Kuyambira Januwale mkodzo ukungotuluka wokha. Mathawulo ndimachapa ndine, ndimabisa m'kabati ndine. Mwana wa eni akeyu sanapindepo chonyowa m'nyumba muno." Anayang'ana pansi pa mango. "Dzulo ndinakhala pa mpando paja ngati chitsa. Kabazayo musam'bweze. Anditengere ine ku chipatala."

Malume anga anavula chipewa. Amuna anga anayang'ana bambo awo, anayang'ana ine, nayang'ananso chingwe. M'njira wina anaseka kamodzi, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Ndinadziwa, ndipo apongozi ankadziwa kuposa ine, kuti dzuwa lisanafike pamutu nkhaniyi ikhala itafika ku bawo, kugombe ndi ku tchalitchi, ndi kuti anyamata a ukonde adzawapatsa dzina.

Analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete, thawulo louma lili m'manja poyera. Analiyala pa mpando wa kabaza anthu onse akuona, nakhalapo, msana uli chilili. Amuna anga anabwereka njinga ya malume n'kuwatsatira, nsapato atavala mosamanga zingwe. Ine ndinali ndikadali pakhonde ndi mtolo wanga, misozi ikutsika, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulirira iwo kapena miyezi inayi yanga ija. Mkwiyo sunathe tsiku limenelo ayi. Unangosowa pokhala.

Njinga zitangokhota, alamu anathamangira pa chingwe n'kuyamba kukoka buluku, maso ali kwa anthu a m'njira. Ndinaika mtolo pansi, n'kutsika pakhonde, n'kugwira mwendo wina wa bulukulo.

"Zisiyeni, alamu," ndinatero. "Sizinaume."